MATENDA OSAPEZEKA POYESA MAGAZI, NDI ZOVUTA ZA MANKHWALA A MAGANIZO

Mau okambidwa pa wailesi kwa alimi ndi nyakwawa za kumadzulo ndi kumpoto kwa boma la Lilongwe

 Lero tikambirana za matenda amene asautsa anthu ambiri m'midzi mwathu, ngakhale dzina lache silitchulidwa kawirikawiri. Tikambanso za mankhwala ache, makamaka zovuta zimene abweretsa m'thupi pa masabata oyamba, pakuti anthu ambiri amawataya pa nthawi imeneyo asanaone phindu lache.

WODWALA AMENE MAGAZI ACHE ALI BWINO

Nonse mumdziwa munthu wotere. Adandaula mutu masiku onse, kuphwanya m'thupi, mtima kuthamanga, mapazi kutentha usiku, kapena chinthu choyendayenda pansi pa khungu. Khasu limlemera, nsima siimkoma, ndipo tambala woyamba amlirira ali maso. Apita ku chipatala, namuyesa malungo, osapezeka. Amuyesa magazi ndi shuga, namuuza kuti zonse zili bwino. Abwerera kwao ndi panado, koma pakutha sabata ululu uli pomwepo. Tsono apita ku chipatala china, kenaka agula mankhwala a malungo pa golosale, kenaka agulitsa mbuzi kuti akalipire kwa sing'anga. Potsiriza abale ayamba kunong'onezana kuti alipo wamlodza, ndipo mlandu ufika pabwalo panu, inu mafumu.

Choyamba chimene tiyenera kudziwa ndi ichi: munthu ameneyu sali kunama, ndiponso si waulesi iai. Ululu wache ndi weniweni. Magazi sausonyeza chifukwa gwero lache silili m'magazimo.

MAGANIZO APWETEKA THUPI BWANJI?

Taganizani za munthu amene waponda pafupi ndi njoka m'munda. Nthawi yomweyo mtima ugunda kwambiri, m'kamwa muuma, thukuta lituluka, miyendo injenjemera. Njokayo siinamlume, koma thupi lonse lasintha kaamba ka mantha okha. Ubongo ndiwo watumiza uthenga m'mitsempha kuti thupi likonzekere kuthawa. Njoka ikapita, thupi likhalanso m'malo.

Koma alipo mantha ena osapita msanga: ngongole ya feteleza, fodya wogulidwa motchipa ku Kanengo, nkhokwe yotha mwezi wa December usanafike, maliro a mwana, kapena ndeu ya m'banja ya tsiku ndi tsiku. Munthu akasenza zotere miyezi yambiri, thupi lache likhala lokungika usana ndi usiku. Minofu ya m'khosi ndi ya m'mapewa iuma, nipweteketsa mutu ndi msana. M'mimba musokonezeka. Kusowa tulo kuonjezera kufooka. Ndiponso ubongo wotopa umakuza ululu, kotero kuti kupweteka kwakung'ono kumene kale sakadakusamala tsopano kumveka kwakukulu.

Zikafika pakuti munthu akhala wachisoni, wosakondwa ndi zimene kale zinali kumkondweretsa, wodziona wachabe, kwa masabata 2 kapena kuposerapo, madotolo amati ali ndi matenda a maganizo, kapena matenda okhumudwa. Pa Chingerezi amawatchula depression. Matenda amenewa si misala, ndipo amachizika.

Anthu ambiri odwala matendawa satchula chisoni pamaso pa dotolo. Atchula za m'thupi zokha. Zimenezi si za kuno kokha. Mu 1999 munatuluka zotsatira za kafukufuku wa bungwe la WHO m'maiko 14, ndipo Nigeria inali m'gulumo. Mwa odwala maganizo 100 alionse amene anafika ku chipatala, 69 anabwera ndi madandaulo a m'thupi okhaokha. Kuno kwathu, mu 2014, a Michael Udedi anafalitsa zimene anapeza pa chipatala chaching'ono cha Matawale ku Zomba. Mwa odwala 10 alionse amene anafunsidwa, pafupifupi 3 anali ndi zizindikiro za matendawa, koma matendawo sanazindikirike mwa wina aliyense pa kuonana kwa masiku onse. Chaka chomwecho Dr Felix Kauye ndi anzache anafalitsa za ntchito yao ya ku Machinga. Iwo anaphunzitsa ogwira ntchito m'zipatala zing'onozing'ono kufunsa odwala za maganizo. Ophunzirawo anayamba kupeza odwala maganizo ambiri, ndipo chiwerengero cha olembedwa kuti ali ndi malungo chinatsika.

SI ONSE AFUNA MIBULU

Musamve ngati tati ululu uliwonse wosadziwika ndi wa maganizo. Kuchepa kwa magazi, shuga, kuthamanga kwa magazi, chifuwa chachikulu, HIV ndi matenda a chithokomiro, zonsezi zifooketsa munthu mofananamo. Chifukwa chache dotolo ayenera kuyamba wayesa thupi. Akaona kuti thupi lilibe kanthu, ndipamene afunsa za tulo, za chakudya ndi za pakhomo. Muyankheni zoona, musachite manyazi.

Malangizo a WHO kwa ogwira ntchito m'zipatala zing'onozing'ono, amene anatuluka mu 2010 ndi kukonzedwanso mu 2016, anena kuti munthu wa madandaulo otere asapatsidwe jekeseni kapena mavitamini pofuna kungomsangalatsa. Tsono musaumirize namwino kuti akubayeni. Anenanso kuti mibulu ya maganizo isapatsidwe kwa munthu amene alibe matenda okhumudwa enieni. Kwa ambiri, kukambirana ndi munthu wophunzitsidwa kuthandiza ndithu. Ku Harare, mu 2006, Dr Dixon Chibanda anayambitsa njira yotchedwa Friendship Bench. Agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pa benchi panja pa chipatala, namvetsera wodwala, namthandiza kusankha vuto limodzi ndi kupeza pogwira pache. Njira imeneyi inayesedwanso m'zipatala zina za mu mzinda wa Lilongwe.

Koma matenda akakula, kotero kuti munthu alephera kulima, kudya kapena kusamala ana, dotolo angathe kumpatsa mankhwala.

MANKHWALA AWIRI

M'zipatala za m'Malawi mankhwala a matendawa amene apezeka kawirikawiri ndi awiri. Oyamba ndi amitriptyline, timibulu ta 25 mg tomwera usiku. Amenewa ndi akale. Anayamba kugwira ntchito ku America mu 1961, patapita zaka 2 chitsegulire chipatala cha St Gabriel's ku Namitete mu 1959. Madotolo amaperekanso amitriptyline wochepa kwa anthu a ululu wa m'mitsempha, monga kutentha kwa mapazi kwa odwala shuga. Achiwiri ndi fluoxetine, makapisozi a 20 mg omwera m'mawa, amene analoledwa ku America mu 1987.

Mankhwala awa agwira ntchito pa timadzi timene mitsempha ya mu ubongo itumizirana nato uthenga; tina mwa ito titchedwa serotonin. Koma mbulu ukalowa m'mimba suyenda njira ya ku ubongo yokha. Ufika ponseponse pamene magazi afika. Serotonin yochuluka ili m'matumbo, ndicho chifukwa chache fluoxetine achititsa mseru. Amitriptyline nayenso afooketsa mitsempha imene iyendetsa malovu, matumbo, chikhodzodzo ndi maso.

Tsono mvetsetsani mfundo yaikulu ya nkhani ya lero. Zovuta za mankhwala zimafika msanga, tsiku loyamba kapena lachiwiri, koma chithandizo chache chimachedwa. Munthu ayamba kupepukidwa patapita masabata 2 mpaka 4, ena mpaka 6. Pakati pamenepa wodwala ali ndi matenda ache akale, ndipo pamwamba pache pabwera zachilendo. Iye aganiza kuti mankhwala amuonjezera matenda, nawataya m'chimbudzi. Akulu anati walira mvula walira matope. Matope a mankhwala awa amayamba ndiwo, koma zambiri mwa zovutazi zimachepa thupi likazolowera, kawirikawiri pa sabata imodzi kapena awiri.

ZOVUTA ZA AMITRIPTYLINE

1. Kuodzera ndi kulemera m'thupi m'mawa. Imwani mbulu madzulo mutatha ntchito. Masiku oyamba musayendetse njinga yamoto, musakwere padenga kapena pamwamba pa chigafa, ndipo musagwire ntchito pafupi ndi lamba wa chigayo.

2. Kuuma m'kamwa. Tengani madzi popita kumunda, muzimwa pang'onopang'ono, makamaka m'miyezi yotentha ya October ndi November.

3. Chizungulire podzuka. Musadzambatuke pamphasa. Yambani mwakhala tsonga kanthawi, kenaka imirirani mutagwira khoma. Okalamba asamale kwambiri, pakuti angagwe ndi kuthyoka.

4. Kudzimbidwa. Idyani ndiwo zamasamba, mapapaya ndi nsima ya mgaiwa, ndi kumwa madzi ambiri.

5. Kuona mwachimbuuzi, kutuluka thukuta, ndi kunenepa pakapita miyezi.

6. Kuvutika pokodza, makamaka amuna achikulire.

Munthu wa matenda a mtima kapena a khunyu anene kwa dotolo asanalandire mankhwala awa.

ZOVUTA ZA FLUOXETINE

1. Mseru, kutsegula m'mimba ndi kusafuna chakudya. Imwani kapisozi mutadya phala kapena mbatata.

2. Mutu kupweteka, kusowa tulo ndi kusakhazikika mumtima masiku oyamba. Ndicho chifukwa chache amamwera m'mawa.

3. Kuchepa kwa chilakolako cha kukhala malo amodzi m'banja, kapena kuchedwa kumaliza. Ichi chichitikira amuna ndi akazi omwe, ndipo nthawi zina sichichepa msanga monga zinazo. Ambiri achita manyazi, nangoleka mankhwala mwakachetechete. Ena ayamba kukayikirana m'nyumba. Uzani dotolo poyera, pakuti angathe kuchepetsa kapena kusintha mankhwala.

4. Kutaya magazi m'mimba kwa amene aphatikiza fluoxetine ndi aspirin kapena Brufen kawirikawiri. Musagule zimenezi pa golosale musanafunse.

Pa mankhwala onse awiri, kachasu, masese ndi mowa wina uliwonse uonjezera kuodzera ndi chizungulire, ndiponso ukuza matenda a maganizowo. Mai woyembekezera kapena woyamwitsa anene. Amene ali kumwa ma ARV, mankhwala a khunyu, a kuthamanga kwa magazi kapena zitsamba, aonetse zonse kwa dotolo.

KUSIYANITSA ZA MATENDA NDI ZA MANKHWALA

Apa ndipo povuta. Mutu, chizungulire, mseru ndi kuthamanga kwa mtima zingachokere ku matenda a maganizo, zingachokerenso ku mankhwala. Ndipo pali gwero lachitatu, ndilo mantha. Poyesa mankhwala atsopano, madotolo amagawa odwala pawiri: ena alandira mankhwala enieni, ena alandira mibulu yofanana nayo koma yopanda mankhwala m'kati, ndipo odwalawo sadziwa gulu lao. Chopezeka kawirikawiri ndi chakuti ngakhale ena mwa omwa mibulu yopanda kanthu adandaula mutu, mseru ndi kutopa. Munthu akamwa mbulu ali ndi mantha, amamvetsera thupi lache usana wonse, ndipo kalikonse akamva akaika pa mbuluwo. Odwala amene tili kunenawa, amene thupi lao ndi lokungika kale, ndiwo agwa m'zimenezi msanga.

Njira yothandiza ndi iyi. Tsiku lolandira mankhwala, musanamwe mbulu woyamba, tchulani madandaulo anu onse, ndipo mwana wa sukulu kapena mlangizi wa zaumoyo awalembe pa pepala ndi tsiku lache. Pepalalo lisungidwe m'buku lanu la kuchipatala. Pambuyo pache, chikakuvutani china, dzifunseni mafunso atatu.

Kodi chinalipo ndisanayambe mankhwala? Ngati chili pa pepala paja, ndi cha matenda, ndipo chiyembekezeka kuchepa mankhwala akayamba kugwira.

Kodi chayamba masiku oyamba a mankhwala, kapena pamene dotolo anaonjezera mibulu? Ngati ndi choncho, ndipo chili m'gulu la zimene tatchula zija, ndi cha mankhwala. Piriranibe, koma mukachinene pa tsiku lobwerera ku chipatala, kapena msanga ngati chikulepheretsani ntchito.

Kodi ndi chatsopano ndipo chili kukulirakulira? Pitani mukayesedwenso. Munthu wodwala maganizo angathe kudwalanso malungo kapena chibayo monga wina aliyense. Kutentha thupi, kuonda, kutsokomola kosatha kapena chotupa, zisaikidwe pa maganizo popanda kuyesa.

ZOFUNIKA KUTHAMANGIRA KU CHIPATALA TSIKU LOMWELO

Pali zina zosayenera kudikira. Tengani wodwala msanga, ngakhale pa ngolo, mukaona izi: alankhula za kudzipha kapena asowa pokhala ndi nkhawa yoopsa, walephera kukodza konse, wakomoka, wagwa ngati wa khunyu, kapena amva kupweteka pachifuwa ndi mtima kugunda modumphadumpha, watupa nkhope kapena milomo, kapena watuluka zidzolo thupi lonse, asanza magazi kapena achita chimbudzi chakuda bii, watentha thupi, anjenjemera ndi kusokonezeka mutu, kapena akhala masiku osagona koma osatopa, alankhula kosalekeza ndi kumwaza ndalama.

Achinyamata osakwana zaka 25 ayang'aniridwe kwambiri pa masabata oyamba. Mu 2004 boma la America linalamula kuti pa mankhwala a mtundu uwu palembedwe chenjezo lakuti maganizo a kudzipha angathe kukula mwa ana ndi achinyamata poyamba kumwa, ndipo mu 2007 chenjezolo linafikitsidwa kwa onse osakwana zaka 25.

Dziwaninso kuti amitriptyline wambiri nthawi imodzi amapha, ndipo kwa mwana wamng'ono mibulu yowerengeka yokha ndi yoopsa. Mwana akameza, musadikire kuti muone zizindikiro. Pitani naye pomwepo pamodzi ndi kapepala ka mankhwalawo.

KULEKA MANKHWALA

Munthu akapeza bwino asaleke yekha. Malangizo a WHO aja anena kuti apitirize kwa miyezi 9 mpaka 12 chichokere zizindikiro, ndiko kunena pafupifupi kuchokera kubzala kuno kufikira kubzala kwa chaka chamawa. Woleka msanga matenda amambwerera kawirikawiri. Ndiponso woleka mwadzidzidzi, makamaka amitriptyline, angamve mseru, chizungulire, kuphwanya m'thupi ngati chimfine ndi maloto oipa, nayambanso kuyendayenda kufuna dzina la matenda atsopano. Nthawi ikakwana dotolo achepetsa mibulu pang'onopang'ono kwa masabata angapo. M'nyengo ya dzinja, pamene milatho ndi miseu ivuta, katengeni mankhwala ena akale asanathe.

MAU KWA MAFUMU NDI NYAKWAWA

Anthu athu aopa mankhwala awa chifukwa cha mbiri yakale. Mu 1910 odwala misala anayamba kusungidwa m'chigawo cha ndende ya Zomba, ndipo chipatala cha Zomba Mental chinatsegulidwa mu 1953. Kuyambira pamenepo dzina la Zomba linasanduka chitonzo. Koma wodwala amene tili kunena pano alandira mankhwala ache pa windo la chipatala monga wodwala shuga, nabwerera kukalima munda wache. Inu ndinu amene mungachotse chitonzocho, ndipo tikupemphani zinthu izi.

Choyamba, mlandu wa kulodzana ukafika pabwalo chifukwa chakuti ku chipatala sanapeze matenda, yambani mwafunsa za wodwalayo. Kodi agona? Kodi adya? Chamgwera nchiani chaka chino? Mtumizeni abwerere ku chipatala ndi mbale wache, akanene zonse za mumtima. Kumbukirani kuti lamulo la 1911 linaletsa kunenera munthu kuti ndi mfiti. Nkhalamba zambiri zazunzika popanda chifukwa pa matenda amene akadachizika.

Chachiwiri, wodwala aliyense akhale ndi mbale mmodzi wodalirika womsungira mankhwala, womkumbutsa kumwa, ndi womperekeza pa tsiku lobwerera ku chipatala. Mankhwalawo akhale pamalo potseka. M'nyumba ya munthu wolankhula za imfa, mankhwala a mbeu ndi a m'nkhokwe achotsedwe, akasungidwe kwina, ndipo iye asasiyidwe yekha.

Chachitatu, letsani kugawana mibulu. Wina akaona mnzache agona bwino ndi amitriptyline amapempha kuti amgawireko, osadziwa za mtima wache.

Chachinai, masabata oyamba aja wodwala akhala wofooka. Ngati ndi nthawi yopalira kapena yothyola fodya, uzani abale amthandize, kuti asataye mankhwala pofuna kupulumutsa munda. Koma musamtsekere m'nyumba. Ayende, apite ku tchalitchi kapena ku mzikiti, akhale pakati pa anzache, agwire ntchito zopepuka.

Chachisanu, vuto limene linayambitsa maganizo likhalapobe ngakhale munthu amwe mankhwala. Ngati ndi malire a munda, chuma cha masiye kapena nkhanza za m'banja, imeneyo ndi ntchito yanu ndi ya ankhoswe, ndipo muiweruze msanga.

Poyambira ndi pa chipatala chimene muli nacho pafupi, kaya ndi ku Nsaru, ku Nambuma, ku Chitedze, ku Kabudula kapena ku St Gabriel's. Iwo akaona kuti matenda afuna odziwa zambiri, adzakutumizani ku Lilongwe, kumene kuli chipatala chachikulu cha Kamuzu Central ndiponso a St John of God amene asamala odwala maganizo.

Nyakwawa zimene zalandira pepala ili ziwerengere anthu ao pa msonkhano wa m'mudzi, ndipo amene ali ndi mafunso akaonane ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lao.